Dzinja Limene Madala Anagwa

Batire lija linali lakuda, la galimoto, lokhala ndi chogwirira cha waya chimene amalume anapota okha. Lachisanu lililonse ankalimanga pa kaliyala wa njinga n'kupita nalo ku Thuchila kukatchajitsa, Loweruka m'mawa n'kukalitenga. Likatentha linkanunkha ngati dzira losukusa. Madzi ake anaboola chitenje cha amayi malo atatu, koma palibe tsiku limene amayi analinyoza.

Amalume anabwera kudzakhala kwathu mvula yoyamba itangogwa, chaka chimene ndinali mu sitandade 6. Kwa zaka zambiri ankayendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi, ndipo tinkawaona pa Khirisimasi pokha. Ulendo uwu anabwera ndi zonse: sutikesi, matiresi, kawailesi ka kanema, deki ndi makaseti anayi. Akazi awo sanabwere nawo. Nditafunsa, amayi anangoti, "Achimwene atopa, adzapuma kuno." Ndinaona kuti lamba wa thalauza lawo anali ndi mabowo awiri atsopano obooledwa ndi msomali, koma mwana amaona zinthu n'kuzisiya pomwepo.

Makaseti onse anayi anali a masewera ogwetsana a ku Amereka, amene ife tinkangoti resilini. Loweruka masana tinkatseka mawindo ndi mabulangete, anthu n'kudzaza pabalaza. Ankabwera azimayi ochokera kothyola tiyi, zala zili zakuda ndi utomoni. Ankabwera ana a m'mudzi monse. Pampando wokhawo wa ndalema pankakhala atelala, bambo wachisilamu amene ankasoka pakhonde la golosale, kofia ili kumutu, ambulera ili pakati pa miyendo. Palibe amene ankalipira. M'nyumba munkamveka fungo la zovala zonyowa, makoko a mango ndi chimanga chootcha.

Mvula ikalimba pa malata, mawu a mu kanema sankamveka, choncho amalume ndiwo ankalankhula m'malo mwa azungu aja. Aliyense anali atamupatsa dzina. Panali Kapitawo, wa tsitsi lonyezimira, amene ankabisa unyolo m'kabudula. Panali Madala, wadazi, womanga mawondo onse awiri, amene anasunga lamba wa ukatswiri kwa nthawi yaitali. Kapitawo akagwira maikolofoni, amalume ankamasulira nkhope ili gwa: "Akuti munda umene Madala akulima ndi wa agogo ake, ndipo nandolo wa chaka chatha abweze." Anthu ankafa nacho chiseko. Atelala okha sankaseka. Ankamukonda Madala ngati m'bale wawo, ndipo akamenyedwa ndi mpando, iwo ankagwira msana wawo n'kunena chapansipansi kuti, "Dzukani, bambo, dzukani."

Ine ndinali mtsikana wokonda kuwerengera zinthu, khalidwe limene landipezetsa ntchito koma landitayitsa anzanga angapo. Pofika Januwale ndinali nditaona kuti nkhondo zija zinkayenda njira imodzi. Ndinayamba kulemba kumapeto kwa kope la masamu. Wabwino amayamba ndi kumenyedwa. Akagona pansi ndipo refu akakweza dzanja lake, limagwa kawiri, kachitatu limaima. Refu akagwa n'kukomoka, woipa atulutsa unyolo. Woipa akapambana mwachinyengo lero, adzalipira tsiku la chionetsero chachikulu. Katswiri sataya lamba kwa munthu amene anthu sakumuimbira. Malamulo anafika asanu ndi awiri, ndipo m'makaseti anayi aja palibe ngakhale limodzi limene linaphwanyidwa.

Ndinapita nalo kopelo kwa aphunzitsi athu a Chingerezi pa nthawi ya buleki. Anawerenga akudya chinangwa chophika, kenako anaseka mpaka kutsamwa. Anati ndaganiza bwino. Anati zonsezo ndi sewero, ngati limene timachita kutchalitchi pa Pasaka, ndipo kuli anthu amene amakhala mu ofesi n'kugwirizana kuti lamba atenga ndani, liti, ndiponso kuti adane ndani ndi ndani. "Kugwako amagwadi, ndipo amapwetekadi," anatero, "koma wopambana amadziwika asanavale nsapato." Ndinawafunsa za munda ndi nandolo. Apo anaseka kwambiri.

Ndinasunga nkhaniyo masiku atatu ngati khala lamoto m'thumba.

Loweruka limenelo mvula inali ya mawawa, phiri lonse litabisika mu nkhungu. Amalume anaika kaseti imene Madala amamenyana ndi Kapitawo mkati mwa khola lachitsulo. Refu atangogwa, ndinaimirira n'kunena kuti tsopano unyolo utuluka. Unatuluka. Ndinati Madala agona, dzanja ligwa kawiri, kachitatu liima. Linaima. Ana anzanga anandiyang'ana ngati ndalodza kanema. Kutamandidwako kunandikwera m'mutu, ndipo ndinapitiriza. Ndinati zonsezi n'zolemberatu, aphunzitsi anena. Ndinatinso amalume amangopeka, azunguwo sakamba za munda ayi.

"Nanga magaziwo?" anafunsa atelala.

Ndinayankha kuti mwina ndi tomato. Ndimachitabe manyazi ndikakumbukira mmene ndinanenera mawu amenewo, manja ali m'chiuno.

Amalume sanakalipe. Anamwetulira pang'ono, n'kutsamira kukhoma. Kaseti inapitiriza kuyenda koma iwo sanamasulirenso. Tinangoona amuna awiri onenepa akukankhana, opanda munda, opanda mlandu. Madala asanapambane, atelala anatenga ambulera yawo, anatsanzika amayi mwaulemu, n'kutuluka.

Amayi sanandimenye, ngakhale ndinkayembekezera. Tikutsuka mbale anangondifunsa kuti, "Ndiye wapezapo chiyani?" Ndinati ndanena zoona. Iwo anati, "Eya, wanena."

Loweruka lotsatira kunabwera ana okhaokha. Linalo amalume anati mwendo ukuwawa, sangathe kupalasa njinga, ndipo mabulangete anakhala pa bedi. Lero ndimadziwa chimene ndinawalanda. Munthu amene anachoka pa ntchito, mkazi n'kumusiya, thupi n'kumatha, anali ndi masana amodzi pa sabata pamene mudzi unkalowa m'nyumba kudzamva iye akulankhula. Makaseti amenewo anali atawaonera kambirimbiri ku esiteti. Ankadziwa kugwa kulikonse kuposa kope langa, komabe unyolo ukatuluka ankagwira kumutu ngati akuuona koyamba.

Chakumapeto kwa Febuluwale amayi anapita nawo ku chipatala cha mishoni, ndipo anakagona kumeneko masiku anayi. Ine ndinatsala kwa anansi. Atabwerera, amalume anali atachepa kwambiri, makutu akuoneka aakulu, koma m'thumba la jekete munali kaseti yachisanu imene anabwereka kwa mnzawo wa ku Boma. Amayi ndiwo anakankha njinga kupita ku Thuchila Lachisanu limenelo.

Amalume anandituma kwa atelala. "Ukawauze kuti yabwera yatsopano, Madala akuteteza lamba. Ukagwade polankhula." Ndinakagwada pafupi ndi makina awo osokera. Atelala anamaliza kaye msoko wonse, analuma ulusi, kenako anati abwera akaswali.

Tisanatseke mawindo, amalume anandiitana n'kufunsa kuti kope langa likuti chiyani. Ndinafunsa kuti Madala akumenyana ndi ndani. Anati ndi mnyamata wina watsopano, woonda miyendo, amene iwo anamutcha Mlamu. Ndinati ndiye Madala apambana, chifukwa Mlamuyo anthu samuimbira. "Ulembe," anatero, "koma usanene."

Anthu anabwera, ngakhale sanadzaze ngati kale. Mawu a amalume anali atachepa, moti azimayi ankauzana kuti akhale chete. Anati mlandu wa lero ndi wa njinga imene Mlamu anabwereka n'kubweza yopanda belu. Anthu anaseka, atelala nawonso anaseka pang'ono. Zonse zinayenda monga ndinalembera. Madala anamenyedwa, anagona, dzanja linagwa kawiri, kachitatu linaima. Anadzuka akunjenjemera, khamu la mu kanema likukuwa, ananyamula Mlamu n'kumumenyetsa pansi monga ankachitira ndi onse. Refu anawerenga kamodzi, kawiri, koma mnyamatayo anatukula phewa. Patapita kanthawi Mlamu anakwera pa zingwe, anadumpha, n'kugwera pachifuwa cha Madala. Refu anamenya pansi katatu.

Kunja nkhuku inkatetera. Tinaona Madala akudzuka pang'onopang'ono, akutenga lamba m'manja mwa refu n'kumumanga yekha mnyamata uja m'chiuno. Kenako anakhala pansi, anamasula nsapato zake, anazisiya pakati pa bwalo n'kutuluka ndi masokosi okha.

Atelala anatembenuka n'kundiyang'ana. "Nanga izi analemba ndani, mayi?"

Amalume ndiwo anayankha, ndipo aka kanali koyamba kuvomera pamaso pa anthu kuti ankadziwa. "Anagwirizana, inde. Madala akusiya ntchito, mawondo atha. Akanachoka ndi lamba, mnyamatayu palibe akanamuwerengera. Ndiye wavomera kugwa anthu onse akuona, akadali ndi mphamvu zotuluka ndi miyendo yake." Atelala anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anati ngati zili choncho, ndiye kuti Madala ndi munthu kuposa mmene ankaganizira. Amayi ananyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, akuti akukaanula zovala, chonsecho tsiku limenelo sitinachape.

Masabata otsatira amalume ankayenda ndi amayi m'munda, atagwira ndodo, akuwaonetsa malire: mtengo wa mapeyala, chulu, mzere wa nanazi. Ankalankhulana Chilomwe, chimene ine ndinkangomva mawu apa ndi apo. Anaitanitsa msuweni wawo wa ku Muloza n'kukhala naye pakhonde tsiku lonse, ndipo kuyambira pamenepo nkhani za banja lathu zinkapita kwa iyeyo. Deki anapatsa atelala. Amalume anamwalira mu Juni, chiperoni chili pakati.

Koma masana a kaseti yachisanu aja, anthu atabalalika, ine ndinali ndi vuto limodzi lokha: kope langa linali litalakwa. Ndinakhala pamkeka pafupi ndi amalume, pensulo ili m'manja, ndikufuna lamulo lachisanu ndi chitatu. Ndinawafunsa kuti munthu angadziwiretu bwanji kuti katswiri akusiya, masewera asanathe.

Anaganiza kaye, akupuma movutikira. "Usamayang'ane iyeyo," anatero. "Iye amabisa. Uziyang'ana nkhope za amene akudziwa."

Ndinapempha kuti abweze kaseti. Anabweza. Ndinasendera pafupi ndi kanema mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, ndikufufuza nkhope ya refu, nkhope ya woimba belu, nkhope ya mayi wina wa pampando wakutsogolo. Amayi analowa mwakachetechete n'kukhala kumbuyo kwanga, pafupi ndi achimwene awo. Ndinawamva akufwenthera, ndipo ndinawapempha osacheuka kuti asasokose, ndikuona zofunika.