Msomali wa a Lazaro m'chigafa

Ku Chamama palibe amene sadziwa a Lazaro Nthanda, mlimi wa fodya wa bale. Wailesi yawo imayankhula chifukwa cha waya wa buleki ya njinga, ndipo fyuzi ikapsa amapachikapo pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Iwo amati chinthu chozima chokha n'chaulesi, chimangofuna kuchikakamiza. Luso ali nalo ndithu bambowa, koma makani ndiye osasimbika.

Chaka chino fodya anachita bwino, chigafa chinadzaza mpaka kudenga, akuba nawo n'kuyamba kuzungulira. Mwana wawo Feggie, amene amaika makamera m'masitolo pa Boma, anawaikira imodzi m'chigafamo. Chingwe chake chinali chimodzi chokha, chonyamula zithunzi ndi magetsi omwe kuchokera pa kabokosi ka m'nyumba.

Chingwecho chinkalendewera n'kumakola mikangala ya fodya. A Lazaro anatenga hamala n'kuchikhomera pa nsanamira, msomali n'kulowa pakati penipeni pa chingwecho. Kamera inazima. Kagetsi ka pabokosi kankati kakayaka, nthawi yomweyo kazimanso.

"Kabokosi aka n'koumira," anatero. Ananyamula batire la sola, nasenda chingwe kuti achilumikize okha. Mwayi wake mawaya m'katimo anali ambiri, amitundumitundu, mpaka anawasokoneza mutu. Anaimba foni.

"Iwe Feggie, waya wamoto ndi uti apa?"

"Ababa, musakhudze chilichonse! Ndikubwera."

Feggie anafika pa kabaza, tsitsi lili fumbi lokhalokha. Atatsatira chingwe anaupeza msomali uja, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Ababa, msomali wanuwu wagundanitsa mawaya. Zikatero magetsi amathamanga mopyola muyeso. Kabokosi kali ndi malire ake: akapitirira kamadula msanga, kenako n'kuyesanso pang'ono. Batire lanuli silidziwa malire."

"Mantha a ana a sukulu amenewo," anayankha a Lazaro.

Feggie sanalimbane nawo, bambo ake amawadziwa. Anadula chigawo chokhala ndi msomalicho, n'kukachiika pa dothi kutali ndi chigafa, nachilumikiza ku batire. Pompo utsi unati tolo! Pulasitiki inasungunuka, n'kumadontha ikuyaka.

A Lazaro analowa m'chigafa n'kuyang'ana bowo la msomali pa nsanamira paja. Masamba ouma gwa anali atalikuta mbali zonse, ndipo pamwamba pake panalendewera thukuta la chaka chathunthu. Mantha anawagwira, mpaka anakhala pansi.

"Mwana wanga," ananong'ona, "amayi ako asamve zimenezi."

Koma akazi awo, mayi Consolata, anali ataima kale pakhomo la chigafa, fungo la pulasitiki litawachotsa kudimba. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana fodya, kenako anatambasula dzanja.

"Bambo a Feggie, fodya yenseyu ndinasoka ndine, tsamba ndi tsamba. Patseni kuno hamalayo."

A Lazaro anaipereka ndi manja awiri.