Dzungu la Pamalo pa Mbawa

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anawasamutsira kusukulu ina kufupi ndi Namwera. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: kuti Lamulungu la masika ndidzapite kuguwa ndi chopereka cholima ndekha, osati chotapa m'nkhokwe ya mayi.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali phiri, ndipo m'khwawa lake munali nkhalango ya mbawa, yozizira, yonunkha masamba owola. Tsiku lina ndikutola nkhuni ndinapeza malo owala pakati pa mdimawo. Mbawa yaikulu inali itagwa ndi mphepo, dzuwa n'kupeza polowera. Dothi linali lakuda bii, lofewa. Panali timitengo tolekeza m'mawondo, kalikonse kozunguliridwa ndi miyala. Sindinadzifunse kuti miyalayo anaika ndani. Ndinabwera ndi khasu, ndinazula tonse, n'kudzala maungu. Ndinagwadanso pomwepo kupempha Ambuye kuti adalitse ntchito ya manja anga.

Maungu atayamba kuyanga, ndinapeza Che Saidi ataima m'kamunda kangako. Anali Msilamu wokalamba, mmisiri amene ankakhoma mabenchi a sukulu ya bambo.

"Mwana wa aphunzitsi, ana anga wawaika kuti?"

"Ana ake ati, ambuje?"

Analoza mulu wa timitengo touma tija.

"Linali tchire basi," ndinatero. "Komanso pansi pa mtengo uwo tilipo tambirimbiri."

"Tiye ukatione."

Pansi pa mbawa ina yaikulu timbande tinali titamera mothinana ngati nazale ya fodya. Che Saidi anakhudza kamodzi ndi chala chakuphazi.

"Iti tamera pamiyendo pa mayi wawo. Mthunzi utifoola, mbozi zitimaliza. Chaka chamawa sudzapeza ndi kamodzi komwe. Mbewu ya mbawa ili ndi phiko kuti ithawe kwawo. Imene yatera pamene pagwa mtengo wina ndiyo imakula. Sukuona mmene zikuluzikuluzi zaimira motalikirana? Malo ngati aja satseguka kawirikawiri. Timbawa wazula tija ndinatizinga ndi miyala ndine. Sindikanaticheka ine, ndinkasungira adzukulu, Insha Allah. Iwe walimira anyani."

Sananditukwane, ndipo kwa bambo sanakanene. Zikanakhala bwino akanandikwapula.

Za anyani ananena zoona. Anadya onse, n'kundisiyira dzungu limodzi lopindika. Ndinalisenzabe kupita nalo kutchalitchi. Amayi a mumpingo analulutira, mkulu wa mpingo n'kuliimika m'mwamba kuti ana ena atengere chitsanzo. Fanizo la namsongole ndinkalidziwa pamtima, mmene mwini munda analetsera antchito ake kuzula mofulumira poopa kuti angazulire pamodzi tirigu. Ndinkadziwanso kuti munthu amene walakwira mnzake amayenera kusiya mphatso yake paguwa, ayambe wakagwirizana naye. Mawu ndinali nawo, koma miyendo inakana.

Kuyambira pamenepo ndinkazungulira njira yakudambo kuti ndisadutse pa shedi ya Che Saidi. Ndinkati ndidzapepesa mawa. Mawa linakhala mwezi, kenaka bambo anawasamutsira ku Dedza. Za imfa ya Che Saidi ndinamva ndili kale pabanja.

Chaka chatha ndinakafikanso ku Namwera kuja. Pansi pa mbawa ija panalibe mwana ndi mmodzi yemwe wa masiku aja, monga ananenera. Pamalo owala paja panali patadzaza zilambe ndi minga. Miyala yawo ndinaipeza pambali, pamene ndinaiunjika ndi manja anga.

Lero ndikudziwa kuti Mulungu amadzala nkhalango mwa dongosolo lake, ndipo si malo onse ooneka opanda ntchito amene akudikira khasu langa. Ndikudziwanso kuti mpata wopepesa uli ngati malo amene pagwa mtengo: dzuwa limalowa kwa kanthawi, kenaka pamatsekeka. Ambuye anandikhululukira, sindikayika. Koma Che Saidi anapita asanamve "pepani" wanga.