A Orval Yancey, Dalaivala wa Pansi pa Nthaka

A Orval Yancey anayendetsa takisi mu Las Vegas kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka mutu wonse utayera. Panalibe hotela, nyumba ya juga kapena kanjira kakuseri komwe sankakadziwa. Kenako kunabwera anyamata onyamula anthu oitanidwa pa foni aja, aliyense ndi galimoto ya amalume ake, ndipo ntchito ya takisi inafota anthu akuonerera. Palibe anapepesa. Mzinda uno sudziwa kupepesa. Umagumula ndi mabomba hotela yomwe makolo athu anavinamo ukwati, anthu n'kumaomba m'manja. Ndiye ungamvere chisoni nkhalamba imodzi?

Choncho a Orval analowa pansi. Kampani ina inakumba timisewu pansi pa bwalo lalikulu la misonkhano, topapatiza ngati una wa mbewa, tokwana galimoto imodzi basi, n'kuikamo magalimoto amagetsi onyamula alendo kuchokera ku holo iyi kupita ku holo inayo. Ophunzira amati limeneli ndiye tsogolo. Koma tsogololo linkafunabe munthu wogwira chiwongolero, ndipo linalemba a Orval.

Ntchito yake ndi yosavuta, ndipo ndi yoipa chifukwa cha kusavutako. Pa siteshoni pamakhala wolondolera anthu, amene amalozera alendo galimoto iliyonse yomwe yaima. Mlendo sasankha dalaivala, dalaivala sasankha mlendo. Zitseko zikatsekeka umalowa m'unamo, makoma ali pafupi mbali zonse, magetsi akusintha mitundu ngati m'bala, injini osamveka. Usanamalize kufunsa munthu ngati wayenda bwino, wafika. Kuima m'njira n'koletsedwa, kuchedwa pa siteshoni n'koletsedwanso, chifukwa anzako ali pambuyo pakopo. Umatsitsa, umakweza ena, umabwerera. Ulendo wa tsiku lonse, koma osafika kulikonse.

Madzulo ankatuluka n'kupeza dzuwa litapita kale kuseri kwa mapiri. Kunyumba kunalibe wowafunsa kuti kwayenda bwanji. Mkazi wawo, a Maxine, anamwalira m'chipatala zaka zingapo zapitazo, tsiku lomwe a Orval anati angotsitsa mlendo mmodzi yekha ku bwalo la ndege n'kubwera. Anafika atatseka kale maso. Amene anagwira dzanja la mayiyo mpaka kumapeto anali mwana wawo yekhayo, Corinne. Maliro atatha, Corinne anati, "Bambo, inu mumacheza ndi aliyense kupatula a m'nyumba mwanu." Analongedza, anapita, anasintha nambala. Ana a masiku ano amasunga mlandu kuposa khoti, ndipo salola apilo.

A Orval anali ndi malamulo awiri omwe anawaphunzira kwa madalaivala akale. Loyamba, usatembenuke kuyang'ana mlendo, muone pa kagalasi basi, chifukwa munthu amamasuka polankhula ndi nkhongo. Lachiwiri, usafunse. Ungoti "Ehe?" kapena "Zoona?" ndipo pofika ku hotela wakuuza za chisudzulo chake, matenda ake ndi mwana amene anabisa. Pa ulendo wochokera ku bwalo la ndege malamulowa sankalephera.

Sabata ina kunali msonkhano wa madokotala a mano ndi owathandiza. Tsiku loyamba, dzuwa lili pamutu kunjako, mayi wina anakwera kumbuyo n'kuwerenga kakhadi ka dzina komwe kamakhala kutsogolo.

"Yancey? Dzina losowa limeneli," anatero mayiyo. "Kuntchito kwathu tili ndi mtsikana, Corinne Yancey, wotsuka mano. Wamtali, wamanzere."

A Orval anayang'ana pa kagalasi. Pakamwa panatuluka zomwe pankatuluka zaka zonse.

"Ehe?"

"Akanabwera nafe, koma wangochira kumene. Kamwana kakamuna, tsitsi lambiri ngati kanabadwa kokalamba."

"Zoona?"

"Ndiye pa kuzizira kwathu kuja, ine ndamuuza kuti asayerekeze kutuluka nako. Inu kuno mukudziwa chiyani za kuzizira? O, tafika kale? Zikomo, bambo."

Chitseko chinatseguka, mayiyo anatsika, anyamata atatu anakwera akuseka. A Orval analowanso m'una. Ali pakati m'pamene anazindikira kuti sanafunse dzina la tauniyo, ndipo nkhope ya mayiyo sanaione. Anangoona magalasi ndi imvi pa kagalasi.

Wolondolera anthu pa siteshoni yapakati anali Yesenia, mayi wa ana anayi, wa mawu omveka mbali zonse za siteshoni popanda chimkuzamawu. Pa nthawi yopuma anawapeza a Orval atakhala pa benchi, sangweji ili m'manja yosaluma.

"Madala, mwakumana ndi mzukwa m'unamo?"

Anamufotokozera. Aka kanali koyamba kutchula dzina la Corinne pa ntchitopo.

"Chabwino, tiwasaka," anatero Yesenia. "Amaoneka bwanji?"

"Magalasi. Imvi."

"Mayo ine! Taonani mzerewo. Amayi a magalasi ndi imvi alipo odzaza matchalitchi khumi, onse zikwama zofanana, onse chingwe chabuluu m'khosi. Aatali? Onenepa?"

"Anali atakhala."

"Nanga tauni yake?"

"Sindinafunse."

"Simunafunse! Zaka zonsezi mumanyamula anthu kapena makatoni? Amuna inu, Mulungu akukhululukireni, ine sindingathe."

Msonkhano unali woti utha Lachisanu. Ukatha, amayi onsewo akwera ndege kubalalika dziko lonse, ndipo Corinne asowanso ngati kale, pamodzi ndi mdzukulu yemwe. Ndiye a Orval anataya malamulo awo. Mayi aliyense wa imvi akakwera, ankatembenuka thupi lonse galimoto isananyamuke.

"Pepani mayi, kodi mumagwira ntchito ndi Corinne Yancey?"

Ambiri ankangopukusa mutu. Wina anaseka n'kuti, "Agogo, ngati ndiye kufunsira kwake kumeneku, ine ndili pabanja, ndipo mwamuna wanga amazula mano." Wina sanaseke. Anakadandaula kuti dalaivala wokalamba akumayang'anitsitsa amayi n'kumawafunsa za mtsikana.

Woyang'anira madalaivala anali Braxton, mnyamata amene ndevu zake zinali zisanagwirizane ngati zimere kapena ayi. Anawaitanira pambali akumwetulira. Amawaphunzitsa kusukulu kumwetulira kumeneku.

"A Orval, pano tonse ndife banja limodzi," anayamba motero. Bwana akanena mawu amenewa, munthu wanzeru amayamba kuyang'ana komwe kuli khomo. "Alendo akudandaula. Inu ntchito yanu ndi moni, kumwetulira, kuwafunira msonkhano wabwino. Zakunyumba zizitsala kunyumba."

"Ndi mwana wanga, bwana. Sindikudziwa komwe akukhala."

"Ndikumvetsa kwambiri. Koma m'galimotomo muli kamera. Ndikamvanso, mukapumula kaye kunyumba."

Kunyumba kuja, kwa mpando umodzi ndi wailesi ya kanema. A Orval anati zikomo, n'kubwerera ku chiwongolero. Tsiku lotsatira anayendetsa ali chete, akunyamula amayi a imvi mmodzimmodzi, aliyense mwina ali yemweyo, n'kumawafunira msonkhano wabwino.

Koma Yesenia anali asanaletsedwe kanthu. Anangowonjezera mawu pa kuitana kwake kwa masiku onse. "Anayi uku! Awiri apo! Samalani zitseko! Odziwa Corinne Yancey aime pambali! Anayi uku!" Braxton ankadutsa pomwepo osamva kanthu. Mabwana samva zomwe anthu ovala zibakuwa zonyezimira ngati Yesenia amakuwa. Tsiku lonse palibe anaima pambali.

Lachisanu masana mzere unafupika. Anthu ankabwera akukoka masutikesi. A Orval ataima pa siteshoni yapakati, anaona Yesenia akukankhira kumbali bambo wina wa tayi, n'kutsegulira chitseko chakutsogolo mayi wamfupi, wojintcha, wovala nsapato zothamangira. Akanakumana naye pamsewu sakanamudziwa n'komwe.

"Ndine Lois Hedberg, uja ndinakuuzani za Corinne," anatero mayiyo atakhala. "Ndasiya magalimoto ambiri adutse podikira yanuyi. Dzulo ndinamva kuitana kuja, koma sindinayankhe. Ndimafuna ndimufunse kaye mwiniwake."

Galimoto inalowa m'una. A Orval sanadikire.

"Akukhala kuti?"

"Wandiletsa kunena."

"Boma lake lokha."

"Bambo Yancey, ine ndimagwira naye ntchito chipinda chimodzi. Sindingamunamize." Anakonza magalasi. "Wati ndikuuzeni kuti mwanayo ndi Wade. Ali bwino, akuyamwa ngati akulipidwa. Mwamuna wake ndi munthu wabwino, amakonza mafiriji. Ndipo wati musamufunefune."

Magetsi anasintha, obiriwira, kenako ofiirira. Kutsogolo kunayamba kuoneka kuwala kwa siteshoni.

"Analira?" anafunsa a Orval.

"Anakhala chete nthawi yaitali. Ndinkayesa foni yaduka."

"Mukamuuze kuti nambala yanga ndi yomwe ija. Sindinasinthe."

"Ndikanena. Koma sindikulonjezani kanthu, mtsikana uja ndi wouma mutu." Anawayang'ana kuchokera m'mbali. "Tsopano ndaona komwe anakutenga. Ndi chibwano chomwe. Ndipo dzino lakumanja ilo mukalionetse, likuoneka ndili pano."

Anatsika, anatenga chikwama chake, anakwera masitepe opita kunja. Kumbuyo kunali kutaima kale magalimoto awiri, ndipo a Orval ananyamuka.

Lamulo la kampani limati foni ya dalaivala izitsala m'kabati ya zovala mpaka poweruka. M'mawa mwake a Orval anaika yawo m'sokosi, ataichotsa kulira kuti izingonjenjemera. Anapempha Yesenia kuti awaimbire kamodzi iwo ali pakati pa una, aone ngati pansi pamenepo imagwira.

"Braxton akakugwirani, ine sindikukudziwani," anatero Yesenia, akusunga nambalayo.

Inagwira. Anaimva pa akakolo, pakati pa makoma, atanyamula anthu ogulitsa makina osakanizira simenti, chifukwa msonkhano wina unali utayamba.

Foniyo ikadali m'sokosimo. Nthawi zina imanjenjemera, ndipo a Orval sangaime, sangawerame. Amatsitsa, amakweza, amafunira alendo msonkhano wabwino, mpaka nthawi yopuma ikwane. Akatero amalowa m'chimbudzi, amakhoma chitseko, amakwinya buluku. Mpaka pano oimbawo akhala ali ogulitsa inshuwalansi.