Amuna Anga Amwaliranso

Achemwali anga a Boatemaa ntchito yawo ndi yolira maliro. Pakati pa sabata amagulitsa nsomba zowamba mumsika wa Asafo, koma likafika Loweruka amavala nsalu yakuda ndi yofiira n'kupita komwe aitanidwa, iwo ndi amayi anzawo a gulu lawo. Kuno ku Kumasi maliro ozizira amachititsa manyazi abale, ndiye amene Mulungu anamupatsa mawu sagona ndi njala. Anayamba ntchitoyi atamwalira amuna awo. Tsiku limenelo anabuma mpaka odutsa mumsewu ankaima, ndipo pasanapite nthawi kunabwera mayi wina kudzawapempha kuti akamulirire apongozi ake, poti iye misozi inkamukana.

Ine ndine mng'ono wawo, Afrakoma. Timakhala nyumba imodzi, choncho ndinalipo tsiku limene Kwarteng anabwera. Kwarteng ndi bambo wojambula mavidiyo pamaliro, ndipo anali atawajambula achemwali kambirimbiri akugubuduzika pafumbi.

"Maame, ndikufuna mukhale mufilimu yanga," anatero, powaitana mmene kuno timaitanira mayi mwaulemu.

"Ndikalire ndani?"

"Amuna anu."

"Amenewo ndinawalira kale, mwanawe."

"Awa ndi ena. Awa amamwalira Loweruka lililonse."

Anafotokoza nkhani yake. Mayi wina kathyali amayendayenda m'matauni ndi mwamuna wake chidakwa. Akafika pamalo pachilendo amachita lendi nyumba, n'kuzolowerana ndi anthu. Kenako mwamuna uja amagona pabedi atavala nsalu yabwino, thonje lili m'mphuno, mkazi n'kumalira, anthu n'kumaponya chipepeso. Kukacha, wamasiye ndi mtembo wake omwe asowa.

Achemwali anakwiya kaye. "Ine misozi ndimagulitsa, inde, koma mtembo umakhala weniweni. Ukufuna undisandutse mbava pamaso pa anthu akutchalitchi?" Koma Kwarteng atanena dzina la filimuyo, loti Amuna Anga Amwaliranso, anaseka mpaka duku linagwa. Anavomera, bola asamajambule Loweruka. Wosewera ngati mtembo anali Opanin Gyamfi, mkulu wina wometa anthu pafupi ndi kwathu (kuno bambo wachikulire aliyense timamuti Opanin).

Filimuyo anaionetsa koyamba Lamulungu masana muholo ina ku Bantama. Achemwali anafunda mpango kumaso, tinakakhala kumbuyo kwenikweni.

Anthu a kuno saonera filimu mwakachetechete. Pamaliro oyamba, mtembo unafuna kuyetsemula. Wamasiye uja anaugwera pachifuwa, n'kuutseka pamphuno ndi nsalu, uku akubuma kuti, "Mwandisiya ndi yani ine!" Mapazi a mtembo akuphiriphitha. Holo yonse inafa ndi phwete. Bambo wina kutsogolo anaimirira n'kumakalipira munthu wa mufilimu yemwe ankapisa dzanja m'thumba.

"Usapereke, chitsiru iwe! Sukuona mimba ikukwera ndi kutsika?"

"Khalani pansi, bambo, tione nafe!"

"Ndikhale pansi munthu akuberedwa?"

Mayi amene anakhala pafupi ndi ife sankaseka. Ankangotsonya. "Mkazi ameneyu ndi mfiti. Ndikanamupeza ine!" Achemwali anamira mumpando. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Pakati pa filimu zinthu zinayamba kuda. Wapolisi wina anayamba kuwalondola tauni ndi tauni. Mwamuna uja naye anatopa ndi kufa, n'kuyamba kuopseza kuti aulula. Mkazi anayamba kumuthirira mankhwala ogonetsa m'kachasu kuti azigona phee. Muholo kuseka kunachepa. Madzi a m'kajumbo anachokera kumbuyo n'kukaphulika pachinsalu, pankhope penipeni pa achemwali.

Pamaliro omaliza anthu atabalalika, wamasiye anatseka chitseko n'kunong'oneza mtembo kuti, "Dzukani, apita." Mtembo osadzuka. Ena muholo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ina. Anaugwedeza. Anaumenya mbama. Kenako anakhala pansi, n'kuchotsa thonje lija m'mphuno pang'onopang'ono, ngati akuopa kumupweteka. Sanabume. Pakamwa panatseguka koma mawu osatuluka. Kulira kumeneko ine ndinali nditakuonapo kamodzi kokha, kuchipinda kwathu, anthu onse atabwerera kwawo titaika alamu anga. Muholo munangoti zii. Mayi wotsonya uja ankapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa nsalu yake.

Ndiye wapolisi uja anathyola chitseko, unyolo uli m'manja, kudzagwira anthu onamizira maliro. Anakhudza mtembo, n'kupeza wazizira. Anavula chipewa, napepesa, n'kusiya chipepeso chake m'mbale. Filimu inathera pomwepo. Anthu ena anaseka, ena anakuwa kuti, "Aaa, ayi!" Ena ankayang'anana, osadziwa ngati kuseka n'kololedwa.

Panja panabuka mkangano. Ena ankati Kwarteng walakwa kusiya wakupha osamangidwa. Ena ankati chilango choposa chimenecho kulibe. Mnyamata wina wogulitsa mafoni ankalumbira kuti zoterezi zinawachitikira azakhali ake, mnzake n'kumuuza kuti azakhali akewo ndiye anali mtembowo. Tikuyesa kuzemba, mphepo inakankha mpango uja.

"Ndi uyu! Wamasiye uja ndi uyu!"

Anatizungulira. Ena ankafuna kujambulitsa nawo, ena kungowakhudza. Gogo wina anadutsa pakati pa anthu n'kuwakwapula achemwali ndi ambulera paphewa.

"Unamupheranji mwamuna wako, iwe?"

Achemwali anamuyankha ndi dzina laulemu la amayi achikulire kuti, "Eno, ali moyo! Suyo akudya nthochi zokazinga apoyo?"

Opanin Gyamfi anakweza dzanja, pakamwa pali todzaza. Gogo uja anayang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Ndiye mwayambiranso eti?"

Tinaseka njira yonse, koma masabata otsatira sanali oseketsa. Kumsika ogula ankatola nsomba n'kufunsa kuti, "Maame, zafadi izi, kapena zidzuka m'poto?" Zimenezo achemwali ankaziyankha bwinobwino. Chowawa chinali chakuti oitana kumaliro anasiya kubwera. Banja lina linatumiza uthenga kuti gulu libwere, koma a Boatemaa atsale, poti anthu akangowaona ayamba kuseka pamaso pa malemu. Anzawo anapita okha. Loweruka limenelo achemwali anakhala pakhonde, nsalu yawo yamaliro ili pamiyendo.

"Afrakoma, ndinasewera moipa kodi?"

"Munasewera bwino mopyola muyeso, achemwali."

"Ndiye malipiro ake ndi amenewa?"



Mvula itayamba kunabwera bambo wina wa ku Ejisu, dzina lake Amoako, nkhope ili yotupa ndi kulira. Anati bambo ake amwalira atadwala nthawi yaitali. M'miyezi yawo yomaliza sankafuna china koma filimu ija, ankaionera mobwerezabwereza, akuseka mpaka kutsokomola.

"Anatisiyira mawu, Maame. Anati, ndikafa mukamutenge mayi ameneyu, adzaone ngati ndafadi."

Ndinawaperekeza. Titangolowa pabwalo la maliro, manong'onong'o anayamba. Atsikana ena ankabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Akuluakulu a banja anakwinya nkhope.

Achemwali sanayambe ndi kulira. Anayenda mwakachetechete mpaka pabedi pomwe anagoneka malemu, n'kuwerama.

"Opanin, ndabwera. Akuti munandiitana. Ngati mukunamizira, tsinzinirani diso limodzi, ine sindiulula."

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, ngakhale akazi a malemu, gogo wochepa thupi amene akuti anali asanalankhule chimwalirire amuna awo. Achemwali anadikira, akuyang'anabe nkhope ya malemu, mpaka kuseka kunatha kokha. Kenako anatembenukira kwa gogo uja.

"Eno, ndayesa. Sakudzuka."

Apo ndiye anakweza mawu. Anatchula dzina la malemu, la mayi awo, la mudzi wawo, minda ya koko imene analima, ana amene anaphunzitsa sukulu. Anawafunsa kuti ulendo wotani wonyamuka osatsanzika. Amoako anagwada pansi n'kulira ngati mwana. Atsikana oseka aja ankalira atakolekana m'khosi. Gogo uja anadzuka, n'kukagwira achemwali m'chiuno, awiriwo n'kumalira limodzi.

Pobwerera tinakwera minibasi yodzaza, zija kuno timati trotro. Kondakitala anawazindikira achemwali n'kuyamba kuuza galimoto yonse. Mayi wina anandikodola kuti, "Mumadziwana nawo?"

"Ndi achemwali anga," ndinayankha mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Bere limodzi."

Achemwali sanamve n'komwe. Mawu anali atawathera, anatsamira pazenera akuyang'ana kunja. Tikuyandikira m'tauni anandigwira dzanja, n'kunena ndi mawu osasa kuti, "Mkulu uja ayenera kuti anali munthu wosangalatsa. Ndikanakonda ndikanamupeza ali moyo."