Zimene Wokolopa Amaona Pansi pa Madesiki

Pa nyumba yosanja ya maofesi ija aliyense ankawatcha Mayi Mazenera, chifukwa akangofika 6 koloko m'mawa, asanatunge ndi madzi omwe, ankayamba kutsegula mazenera a pansanjika yachiwiri. Anakolopa nyumbayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito ya m'mawa ankaikonda pa chifukwa chimodzi: pofika masana amakhala ali kunyumba, kumene amuna awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, amadikira kusambitsidwa. Mlamu wawo ankakhala ndi wodwalayo mpaka 12 koloko basi, kenako n'kupita kwake kukagulitsa.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wina wa ku yunivesite kudzafufuza mmene khalidwe la anthu limathera magetsi m'nyumba zikuluzikulu. Anamata timakina pamazenera kuti tiziwerenga nthawi yotsegula ndi yotseka, anaika mita pansanjika iliyonse, ndipo anagawa mafomu kwa aliyense wokhala ndi desiki. Mayi Mazenera analibe desiki, choncho fomu inawadumpha ngati mzati.

Patatha miyezi iwiri, bwana woyang'anira nyumbayo anawaitana. Anawatembenuzira pepala lokhala ndi mzere wokwera ngati chulu.

“Mayi, apa ndi 6 koloko mpaka 8. Pansanjika yachiwiri magetsi akuthera apa, mazenera ali pululu, munthu mulimo nokha. Mumayatsa makina oziziritsa aja n'kumaziziritsa dziko lonse eti?”

“Ine makina aja sindiwagwira, bwana.”

“Mita sinama. Kuyambira Lolemba muzibwera masana, anthu alipo. Makiyi mundipatse Lachisanu.”

Mayi Mazenera anatuluka mtima ukuwawa kwambiri, ndiponso ali ndi mantha. Masana? Nanga bambo aja adzawatembenuza ndani?

Chokhumudwitsa n'chakuti yankho ankalidziwa kalekale. Wokolopa amaona ofesi kuchokera pansi. Amadziwa amene amavula nsapato, amene amabisa chakudya kuseri kwa mafayilo, ndi amene chidendene cha sokosi chinabooka. Koma wokolopa wabwino amakolopa ndi pakamwa pomwe, ndipo iwo zaka zonsezo sanaululepo kanthu ka munthu. Anaganiza masiku awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye Lachitatu anadikirira mayi wa kafukufuku uja pamakwerero.

“Achemwali, timakina tanuti timagwada?”

Mayiyo anaseka. “Kugwada bwanji?”

“Mawa mubwere 6 koloko. Muvale zoti simudandaula zikada.”

Anabweradi, maso ali ofiira ndi tulo, kope lili m'manja. Mayi Mazenera anamuonetsa bokosi la maswichi kuseri kwa chitseko.

“Madzulo mlonda amatsitsa iyi, nsanjika yonse zii. Ine m'mawa ndimaikweza kuti ndione pokolopa. Ndi yokhayi imene ndimagwira. Yang'anani mita yanu.”

Anaikweza. Manambala anayamba kuthamanga, pamene makina oziziritsa anali chete. Wa kafukufuku anasuzumira m'chipinda chopanda munthu, n'kusuzumiranso pa mita.

“Tsopano gwadani,” anatero Mayi Mazenera.

Pansi pa desiki yoyamba, kuseri kwa katoni, kahita kotenthetsera miyendo kanali katafiira kale. Pa yachiwiri kanali kobisika ndi bini. Anakwawa chipinda chonse, wophunzira patsogolo, wokolopa pambuyo akulozera, mpaka anapeza mahita khumi ndi imodzi.

“Masana makina aja amaziziritsa ngati mufiriji, ndipo powachepetsera pali kwa bwana,” anafotokoza. “Anthu miyendo imachita dzanzi, ndiye anagula timbaula tawo. Poweruka sazimitsa, amati mlonda azimitsa zonse. Ine ndikakweza swichi, timbaula tonse tabuka. Ndiye ndisatsegule zenera, ndipsere muno?”

“Koma pafomu onse analemba kuti alibe hita. Ndipo ndikamayendera sindinaonepo.”

“Mumabwera Lachitatu lokhalokha, achemwali, nsapato zanu zikulira kuchokera pansi. Akamva, amakankhira mudirowa. Inu mukanalemba kuti muli nayo?”

Wa kafukufuku anakhala pansi pomwepo, siketi itada m'maondo. Anavomera kuti zinamuchititsa manyazi: miyezi iwiri anamvera timakina, osafunsa munthu yekhayo amene amakhalamo nthawi imene mzere umakwera. Anatsegula kope.

“Desiki iyi ndi ya ndani?”

“Ayi. Werengani mahita, anthu asiyeni. Lembani kuti akuzizidwa.”

Analemba momwemo, ndipo tsiku lomwelo anakalowa kwa bwana. Bwanayo sanapepese, mabwana ena mawu amenewo amawatsamwa. Anangotumiza uthenga kuti makiyi akhale kaye, ndipo makina oziziritsa anawachepetsa. Wa kafukufuku anasintha kachitidwe kake. Anayamba kubwera masiku osayembekezeka, atavala nsapato zofewa, ndipo mafomu atsopano anayambira kwa mlonda ndi okolopa.

Koma za mahita zinamveka, ndipo a pansanjika yachiwiri sanafunike kuombeza kuti adziwe amene analozera. Lachisanu, kalaliki amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse anawadutsa Mayi Mazenera akuyang'ana foni. Wina ananena mokweza kuti masiku ano chikolopa chili ndi maso. Zinawapweteka, pakuti anthuwo anawasungira zinsinsi zaka zambiri ndipo sanatchule dzina ngakhale limodzi. Anatsuka ndowa, anayanika chikolopa, n'kuika makiyi m'chikwama.

Anafika kunyumba mlamu wawo ataima kale pakhomo, dengu lili pamutu. M'katimo amuna awo anayesetsa kudzutsa mutu, n'kufunsa ndi lilime lawo lolemera kuti kuntchito zatha bwanji.

“Andida,” anatero Mayi Mazenera, akupinda manja a bulauzi. “Gwirani khosi langa, bambo, madzi angazizire.”