Batani la mtedza lathawa ndi mwini wake

Lachiwiri m'mawa ndili mu minibasi, foni inalira. Anali Amayi Tembo, wapampando wa gulu la amayi olima mtedza ku Madzimoyo. Ndine ndinawapangira webusaiti yogulitsira mtedza wawo.

"Aphiri, wogula wa ku Lusaka uja akuti akadina batani la oda palibe chichitika. Akuti ikakwana Lachisanu akagula kwina."

Ndinaseka mwaulemu, ngati katswiri. Dzulo lake ndinali nditayeza webusaitiyo ndi chida choyezera liwiro pa intaneti, ndipo chinandipatsa zobiriwira zokhazokha, kusonyeza kuti zonse zili bwino. Ndinajambulanso chithunzi n'kutumizira anzanga kuti adziwe kuti ku Chipata kuli anthu.

Nditafika ku ofesi n'kudina batani lija, zii.

Ndiulule pano, owerenga. Ife opanga mawebusaiti sitilemba zonse tokha. Timatola tizidutswa ta mapulogalamu taulere timene ena analemba, timene timati malaibulale. Batani la oda la amayi aja linkayendera laibulale ya munthu wina wa kutsidya kwa nyanja. Munthuyo watopa. Wachotsa zake zonse pa intaneti, n'kusiya mawu oti akufuna kupuma.

Ndipo ndimukwiyire bwanji? Sindinamulipirepo, ngakhale zikomo sindinamuuzepo. Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, koma ife timabwereka n'kukalembetsa maganyu m'minda ya anthu.

Nanga chida choyezera chija? Ndinachifunsanso, batani lili chifere. Chinati webusaiti tsopano ikuthamanga kuposa kale. Inde, katundu wachepa! Chidacho chimayeza chili m'nyumba yozizira kunja kwa dziko, sichinakwerepo pachulu ku Madzimoyo kusaka netiweki. Komabe timachikhulupirira kuposa mayi amene wagwira foni m'manja.

Ndinayesa laibulale ina yotchuka. Inakana kugwira ntchito popanda anzake asanu ndi awiri, ndipo mmodzi wa iwo anayambana ndi tsamba la zithunzi. Batani ndinalilemba ndekha, linadzuka Loweruka. Wogula anali atapita.

Lamlungu ndinapita ku Madzimoyo, ndinawapeza amayi aja akuchokera ku Misa. Matumba a mtedza anali chiunjikire pakhonde. Manyazi anandigwira, ndinafotokoza zonse.

Amayi Tembo anamvetsera mpaka kumapeto. "Ngati tinawalakwira eni batani, tili ndi nkhuku. Mutiperekeze tikapepese. Kwawo n'kuti?"

"Sindidziwa, amayi."

"Dzina lawo?"

"Amangolemba zilembo zitatu. Pachithunzi chawo pali mphaka."

Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Aphiri, ife mbewu sitisungitsa kwa munthu amene sitidziwa mudzi wake. Inu thukuta lathu la chaka chonse munakasungitsa kwa mphaka?"