Chilimwe Chomwe Lutgarde Anaiwala Dala

Lutgarde ndinayamba naye sukulu tsiku limodzi, ndiye za iyeyu musandiuze. Wakhala akukazinga chipisi pabwalo la tchalitchi kuyambira ali mtsikana, m'kanyumba kamatabwa komwe anamusiyira bambo ake. Mafuta a ng'ombe, kukazinga kawiri monga timachitira kuno ku Flanders, mchere wowaza kuchokera m'mwamba ngati wansembe akudalitsa. Koma sanatchuke ndi chipisicho ayi. Anatchuka ndi kusafunsa. Umangolowa, kuyamba kudandaula za mvula, usanamalize n'komwe phukusi lako lafika kale m'manja. Akakuona nkhope yakugwa ankathirako msuzi wa nyama pamwamba osanena kanthu. Ankanyadira zimenezi koopsa, mpaka nthawi zina ankandinyansa nazo.

Chaka chatha mawondo anamukana. Dokotala anamuuza mosabisa kuti akapitiriza kuima tsiku lonse adzathera pa njinga ya olumala. Amuna ake, a Staf, anali atapuma kale ntchito ya njanji, n'kugula galimoto yokhala ndi bedi ndi kakhitchini mkati kuti azikaona mayiko, koma inkangochita dzimbiri kuseri kwa nyumba kudikira mayi. Ana ake fungo la mafuta ankalithawa. Zoti angotseka kanyumba ka bambo ake, Lutgarde sankafuna kumva n'komwe. Ankati bola afere pachiwaya.

Mwamwayi kunapezeka Naima, mayi wa ku Aalst yemwe anaphikira anthu m'khitchini yachipatala zaka zambiri, wamanja olimba, wosaseka zachabechabe. Anabwera kudzayesa ntchito asanagule kanyumbako. Chipisi chake chinali chabwino, moti Lutgarde yemwe anavomera, ngakhale anavomerera m'mphuno. Vuto linali ife. Abambo akuluakulu andevu zawo ankaima pamaso pa Naima kukamwa kuli yasa. Akawafunsa chomwe akufuna, ankangoti zanthawi zonse. Akawafunsa kuti zanthawi zonsezo n'chiyani, ankasuzumira kumbuyo kwake kufunafuna Lutgarde. A Wauters, mphunzitsi wamasamu wathunthu, sankadziwa dzina la soseji yomwe anayamba kudya asanakwatire. Ine ndemwe ndinachita chibwibwi, ndisaname.

Naima anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino.

"Mayi, malo ano sangagulike. Awa si makasitomala, ndi ana anu. Mukachoka inu, ine nditsala ndi chiwaya chokha."

Lutgarde anati amuuza zonse, munthu ndi munthu. Naima anayankha kuti sangaloweze tauni yonse pamtima, ndipo sanabwere kudzakhala Lutgarde wachiwiri. Anati adzabweranso chilimwe chikatha, ndipo ngati anthu adzakhale asanaphunzire kuyankhula, adzakasaka malo kwina.

Mawa lake Lutgarde anandipeza ndikuyanika zovala. Anandilumbiritsa kaye, podziwa kuti pakamwa panga sipagona nkhani, kenako anati, "Iwe Ghislaine, ine ndiyamba kuiwala."

Ndipo anayambadi. Aliyense wolowa ankamuyang'ana ngati mlendo n'kumufunsa mwaulemu kuti amupatse chiyani. Munthu akati zanthawi zonse, iye ankangophethira, chipande chili m'manja, kudikira. Abale, mbiri inathamanga ngati moto wolusa! Lamlungu lisanafike tauni yonse inali ikudziwa kuti mutu wa Lutgarde wayamba kutha. Anthu anayamba kumubweretsera maluwa. Mkazi wa wophika buledi ankamuyankhula mokweza ndi pang'onopang'ono, uku akumusisita dzanja. Wina anamukumbutsa dzina la mwamuna wake. A Staf, omwe ankadziwa zonse, ankalandira chipepeso panjira ndi nkhope yachisoni, akafika kunyumba n'kuseka mpaka kutsokomola.

Lutgarde sizinkamuseketsa. Zinkamuwawa, ndipo ine ndinkamumvera chisoni. Mayi amene ulemerero wake wonse unali kukumbukira, lero akumuchitira ngati khanda. Ankabwera kwanga kudzatukwana anthu mmodzimmodzi, n'kutchula zomwe aliyense amadya osaphonya, kungofuna kutsimikiza kuti mutu ulipo.

Koma nzeruyo inagwira. Pofuna kuthandiza wodwala, anthu anayamba kutchula okha zomwe akufuna, momveka bwino, ena mpaka kuloza ndi chala. Anatulukira kuti pakhoma pali bolodi la zakudya, lomwe lakhala pamenepo chimangire kanyumbako. A Wauters anavala magalasi n'kuliwerenga lonse, kenako anaitanitsa nkhanu zokazinga. Lutgarde anandiuza kuti anatsala pang'ono kuwagenda ndi soseji yawo ija.

Chilimwe chitatha, Naima anabweranso Lachisanu, tsiku lomwe mabanja amabwera ndi mapoto awo kudzatenga chipisi cha nyumba yonse. Mzere unafika mpaka pachitsime cha pabwalo. Lutgarde anakhala pampando pakona, manja akumuyabwa. Anthu ankaitanitsa ngati anabadwa nazo: chachikulu ichi, msuzi padera, anyezi ayi. Naima ankangogwedeza mutu, ntchito ikuyenda. Ndinaona kuti wakhutira. Yemwe anali asanakhutire anali mwiniwake. Anandinong'oneza kuti anthuwa akungoyesera, pakutha kwa mwezi adzalira, chifukwa palibe amene amawadziwa ngati iye. Ndinadziwa kuti mayi uyu akhoza kusintha maganizo pomwepo.

Kenako inafika nthawi ya a Staf, omwe anaima pamzere ngati wina aliyense, chipewa m'manja. Naima anawafunsa kuti awapatse chiyani. Dzanja la Lutgarde linali litafika kale pa botolo la mayonezi.

"Chaching'ono, mchere basi," anatero a Staf. "Mayonezi ayi, mwanangu. Amandipatsa chilungulira."

Lutgarde anachotsa dzanja pa botolo.

"Kuyambira liti, bambo inu?" anafunsa Lutgarde.

"Kuyambira tili pachibwenzi. Mumawathira mokondwa kwambiri, ndiye ndinkati ndisakukhumudwitseni."

Ndinkayesa poto awulukira pamutu pa a Staf. Koma Lutgarde anawayang'ana, n'kuyang'ana botolo, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi mbwembwembwe. Anaimirira ndi mawondo ake olirawo, kutulutsa makiyi m'thumba la epuloni n'kuwaika m'manja mwa Naima.

"Tenga, mwanangu, malo ndi ako. Ngati uyu wogona naye nyumba imodzi ndamudyetsa zosafuna zaka zonsezi, nanga enawa ndimawapatsa chiyani?"

Anatembenuka kutiyang'ana, kudikira kuti wina amutsutse. Tonse pamzerepo tinayang'ana nsapato zathu.